Nyimbo Yaitali ya a Laimoni

Alamu anga a Laimoni anabwera kwathu ku Nsambe kudzakhala chikamwini atanyamula khasu ndi bangwe. Khasulo linachita dzimbiri, bangweyo ndiye ankagwira ntchito. Munthuyo ndinkamukonda, sindibisa, ngakhale ankandipsetsa mtima. Anali wamfupi, woseketsa, ndipo akagwira nsambo za bangwe wake, ngakhale nkhalamba ya nyamakazi inkagwedeza phazi.

Chinawawononga ndi ulemu wathu womwewu. Woimba bangwe manja onse awiri amakhala pa nsambo, ndiye pamowa mwini wake amamugwirira chipanda pakamwa kuti amwe manja akuimbabe. Kukana chipanda chotero ndi kunyoza mwini mowa, ndipo a Laimoni sankadziwa kunyoza munthu. Masese anabala kachasu. Pofika 1979 manja awo ankanjenjemera m'mawa uliwonse. Mlongo wanga Mailesi anatopa, n'kuwamangira katundu. Anawauza kuti adzabwerere akadzasiyana ndi botolo.

Anakakhala kwa msuweni wawo ku Lisungwi. Tsiku lina atapita kuchipatala kukadandaula za manjawo, adokotala, a Kalisto, sanawanamize.

"Jekeseni wa ludzu limeneli ndilibe, bambo," anatero a Kalisto. "Koma odwala anga amasungulumwa. Nthawi imene mumapita kumowa ija, muzibwera kuno ndi bangwe wanu."

Anayambadi kukhala pakhonde la chipatala masana, kuimbira odwala ndi owadikirira. Ludzu likawagwira pakhosi, ankapeka nyimbo zomukalipira kachasu ngati mkazi wolanda amuna a eni. Zidakwa zina ziwiri zinkabwera kudzaseka, kenaka zinayamba kuvomera nyimbozo. Kamodzi a Laimoni anaterereka n'kumwa, koma mawa lake anabweranso pakhondepo mwamanyazi, a Kalisto n'kungowasendezera benchi. Mvula inagwa mpaka kutha asanalawenso.

Kenaka mwana wawo Jessie anakwatiwa, ndipo ine monga malume ake ndinawaitana kudzaimba. Mailesi anakhala pamphasa, maso ali pa mwamuna wake. Nyimbo itakoma, bambo ake a mkwati, a Lameki, anadzuka ndi chipanda chodzaza n'kuchifikitsa pakamwa pa a Laimoni. Akana, anyoza banja limene mwana wawo wangolowamo. Amwa, kwa Mailesi sabwererakonso.

A Laimoni sanakane, komanso sanatseke pakamwa. Munthu sumumwetsa mawu ali pakati, umadikira vesi ithe, ndiye iwo vesiyo sanaimalize. Anatamanda a Lameki, makolo awo, mbuzi zawo, munda wawo wa kachewere, mpaka njinga yawo yopanda mabuleki. Anthu ankagubuduka ndi phwete, koma ine ndinkaona thukuta likutsika m'khosi mwawo, mawu akusasa. A Lameki, mkulu waulemu, anangosintha dzanja n'kumadikirabe.

Mailesi anadzuka, nagwada pamaso pa a Lameki, n'kulandira chipandacho ndi manja awiri.

"Zikomo bambo, ulemu wanu talandira. Awa tsopano ndiziwamwetsa ndekha."

Anandipatsira ine, ndipo ndinamwa monga malume, misozi ili m'maso. Kenaka anatembenukira kwa mwamuna wake.

"Abambo a Jessie, tsirizani nyimboyo, mwasasa mawu. Tiyeni kunyumba, ndakusungirani thobwa."