Tinangoti "Tabva", Malo a Mwana Wanga N'kupita

Inu owerenga, ine ndine mayi wamasiye, ndimagulitsa nsomba zowamba, mlamba ndi makakana, kuno ku Chiromo. Pamsika amandidziwa kuti sindisunga mawu kukhosi, wondiputa ndimamuyankha pomwepo. Koma tsiku limene pakamwa pangapa panafunikadi ndinangokhala duu pamkeka, ndipo mwana wanga Tereza anataya malo a ku koleji ine ndikuona ndi maso angawa. Ndikufotokoza kuti zimene zinatigwera ife zisadzagwerenso wina.

Tereza anatengera msinkhu wa malemu bambo ake. Asanamalize pulayimale anali atandipitirira kale, moti anzake ankamunena kuti mgwalangwa. Ankabwera akulira, ine n'kumapita kukalalatira makolo a anawo. Atafika ku sekondale, aphunzitsi ena anamuika m'timu ya basiketibolo, mpira uja amadunda pansi n'kumaponya m'kadengu kobooka kamene amakapachika pamwamba. Ine ndinkaseka. Kwa ife a nsomba dengu lobooka ndi tsoka, iwo akaponyamo mpira n'kutulukira kunsi ndiye amalumpha ndi chimwemwe! Koma mwana anasiya kuyenda chowerama, anayamba kuyenda mutu uli m'mwamba, ndiye ndinati asewere.

Ali Folomu 4, timu ya pasukulu pawo inapita ku mpikisano ku Blantyre. Kumeneko anaonedwa ndi mphunzitsi wa timu ya atsikana ya koleji ina ya komweko, amene anawo amangoti akochi. Mayeso atatuluka, Tereza anakhoza, koma ine za fizi ya ku koleji ndikanazitenga kuti? Mvula itangoyamba, akochi aja anatipeza pakhomo. Anawoloka pa boti kuchokera ku Bangula, nsapato zili m'manja, thukuta lili kamukamu ndi kutentha kwa kuno. Ananena zomveka bwino: akufuna Tereza akaphunzire ku koleji kwawo, fizi, pogona ndi chakudya zikhala za koleji, iye azikasewerera timu. Anangopempha chinthu chimodzi, kuti yankho alimve asanapereke mayina a osewera kwa oyendetsa ligi, chifukwa akapereka ndiye kuti kwatsekedwa mpaka chaka china.

Abale inu, mtima wanga unavomera asanamalize n'kulankhula komwe. Koma ine ndine Mmang'anja wa ku Chikwawa, ndinakwatiwa ndi Msena. Kwathu mwana ndi wa mayi ndi amalume ake, kuno ayi. Chuma cha malowolo chinaperekedwa, ndiye ana ndi a kuchimuna, ngakhale bambo awo atamwalira. Ndinatuma Tereza kukaitana alamu anga a Zuze, ang'ono awo a malemu amuna anga. Anabwera, anakhala pampando, anamvetsera zonse akugwedeza mutu, kenako anatikita m'manja n'kunena kuti, "Tabva."

Akochi anafunsa ngati ndiye kuti avomera. A Zuze anabwereza mawu omwewo, n'kuwonjezera kuti eni mwana ndi akulu awo a Alufandika, amene amakhala ku Mozambiki kupitirira Marka.

Inu a kumtunda mwina simungamvetse. "Tabva" ndi Chisena, kutanthauza kuti tamva. Si kukana, komanso si kuvomera. Ndi ulemu. Wamng'ono savomereza nkhani ya mwana mkulu wake ali moyo, ndipo ngakhale mkuluyo savomera tsiku lomwelo, kuopa kuti anthu angati mwanayo anali atatopa naye. A Zuze sankafuna kuipitsa, nawonso nkhope inali yowala. Akochi anatembenukira kwa ine, maso akundifunsa. Ine ndinayang'ana pansi ngati mkamwini, chifukwa mkazi salankhula pamwamba pa alamu ake pamaso pa mlendo. Powaperekeza ndinangowanong'oneza kuti asadandaule, nkhaniyi yatheka kale.

Mawa lake ndinapempha a Zuze kuti tiwaimbire foni a Alufandika. Anakana. Anati nkhani ya mwana sakambira pa foni ngati mtengo wa mbuzi, apita okha akakhale nawo pansi. Ndipo kunena zoona foni ya a Alufandika imagwira pokhapokha akabwera ku Marka kudzagulitsa mbewu. Ndikafunsa kuti mupita liti, yankho linali lakuti mangwana, ndiye kuti mawa. Mawalo likafika, akubzala mapira. Lina likafika, njinga yaphulika. Nditayamba kukweza mawu anandiuza kuti, "Mlamu, tsiku limodzi silioza mbewa." Ndinangobwerera kunyumba.

Kenako mvula inagwa yosalekeza. Ruo anadzaza, Shire anadzaza, madzi anakumana pakhomo pathu. Tinathawira pasukulu ya kumtunda ndi zovala za m'thupi zokha. Msewu wa ku Marka unaduka, ndipo tinamva kuti a m'mudzi mwa a Alufandika nawonso athawa, koma kumene alowera palibe ankadziwa. Apa ndiye a Zuze anayamba kufunitsitsa kupita, koma akanadzera pati?

Akochi ankandiimbira. Ndinkakwera pa chitunda cha njanji yakale kuti ndimve bwino. Munthu uja sindingamunenere zoipa, anatidikira kuposa mmene akanadikira wina aliyense. Tsiku lina anati, "Mayi, ngati inuyo mungonena kuti eya, dzina ndilemba, mwanayo adzabwera madzi akaphwa." Ndinathamangira kwa a Zuze. Anagwira mutu, anati iwo sangathe, ndipo ndikavomera ndekha, mwana n'kukadwala kapena kutenga mimba kutauniko, ndidzayankha ndekha pamaso pa banja lonse. Anakumbutsanso kuti dimba limene ndimalima ndi la kuchimuna. Ndili ndi ana ena aang'ono, nyumba inali itagwa, tikugona m'kalasi. Ndinawauza akochi kuti adikireko pang'ono. Patapita masiku anaimba n'kunena mwaulemu kuti mayina apereka, malo aja apatsa mtsikana wina wamtali wa ku mpoto.

Tereza sanalire pamaso panga. Anangofunsa ngati madzi akumwa atsala, n'kunyamula ndowa kupita ku mjigo.

Madzi ataphwa tinabwerera, tinamanga kachisakasa, ine n'kuyambiranso nsomba. Ligi itayamba, aphunzitsi ake akale anamulowetsa Tereza m'gulu la pa foni limene amatumizamo zotsatira ndi timavidiyo ta masewero a timu ija. Ndinamuletsa, ndinati ukudzitosa pachilonda. Sanamve. Loweruka lililonse ankakwera pa chitunda cha njanji chija ndi foni, ndipo pasanapite nthawi nanenso ndinkapezeka ndili pambali pake, dengu la nsomba ndasiyira anzanga. Ine amene ndinkaseka dengu lobooka ndinafika podziwa mayina a osewera onse, wothamanga ndi uti, woponyera patali ndi uti, timu yovuta ndi iti.

Masewero oyambirira anagonja motsatizana. Mtsikana wa ku mpoto uja mpira unkamupulumuka m'manja, ndipo ine mumtima ndinkati eya, muone! Boma lathu ndi la Nsanje, koma nsanje yeniyeni ndinaidziwa chaka chimenecho. Tereza ayi. Iye ankati timu yathu. Ankakalipira foni ngati akumumva: "Mupatse uyo ali yekhayo! Kweza manja, iwe!" Mtsikana uja akalakwitsa, Tereza ankandifotokozera kuti waima molakwika, akanaima chonchi, n'kundionetsa ndi thupi lake pomwepo pa njanji. Anthu odutsa ankatiyesa amisala.

M'nyengo yozizira timu inayamba kupambana. Mtsikana uja anazolowera, anayamba kuwakha mipira yonse ya m'mwamba, dzina lake n'kumatchulidwa m'gulu muja mlungu uliwonse. Tinkamuona pa zithunzi atanenepa bwino, atavala jezi, tsiku lina atanyamula mabuku pakhomo la kalasi. Chithunzi cha mabukucho ndi chimene chinandipyoza. Za mpira ndikanapirira, koma sukulu! Tsiku limenelo Tereza anandipatsa foni n'kutsika chitunda.

Ankayesetsa kuti asaiwale. Koma bwalo la simenti la kusekondale kuja linali litakwiririka ndi mchenga wa madzi osefukira, chitsulo cha kadengu chitagwa. Anakhomera limu ya njinga pamtengo kuseri kwa chisakasa. Pamchenga mpira sudunda, umangoti phwa n'kukhala pomwepo. Analibe womutchinga, analibe womupatsira, ndipo mpirawo sunachedwe kubooka ndi minga. Nthawi yambiri inkathera pa kupala nsomba ndi kutola nkhuni zowambira, poti pakhomo pankafunika kudya.

Anthu atakolola za m'madimba, a Alufandika anatulukira pa njinga kudzaona mmene abale anapulumukira. Tinakhala pansi pa mtengo, a Zuze anafotokoza nkhani yonse mwadongosolo, kuyambira tsiku limene mlendo anabwera. Ine ndinali nditakonzeka kumva kuti mwana wamkazi sapita kutali, kuti mwina mtima ungakhale pansi kuti ngakhale tikanawapeza akanakana. Koma mkulu uja anawomba m'manja n'kunena kuti, "Aa! Nanga munkadikira chiyani? Sukulu amachita kufunsira munthu? Mukanangomutumiza, ine ndikanadzamva pambuyo n'kunena kuti takhuta!" Takhutayo ndi zikomo wa Chisena.

Mayo ine! A Zuze anayankha chapansipansi kuti ankapereka ulemu. A Alufandika anaseka, anati ulemu wake wapitirira muyezo, n'kupempha madzi akumwa. Kuseka kumeneko sindidzakuiwala. Ndinapita kuseri kwa chisakasa ndipo ndinalira mokweza ngati pagwa maliro, moti anansi anathamangira kudzafunsa. Ndikanakalipira ndani? Wina ankalemekeza mkulu wake, winayo sankadziwa kanthu, madzi nawo alibe khutu.

Tsiku lomwelo ndinaimbira akochi kuti eni mwana avomera. Anati ligi ikatha adzaitana atsikana ofuna malo kuti adzawayese, Tereza adzabwere. Tinayambanso kutsatira timu ndi mtima wina. Anafika mpaka masewero omaliza olimbirana chikho, koma anagonja pang'ono chabe. Tereza anakhumudwa zenizeni, pamene ine ndinkaganiza kuti timu yogonja ndiyo imafuna anthu atsopano.

Tsiku loyesedwa ndinamuperekeza ndekha. Aka kanali koyamba kuti ndione bwalo lenileni la mpirawu ndi maso, losalala, lojambulidwa mizere. Atsikana anali ambiri, ongotuluka kumene kusukulu, miyendo yopepuka. Tereza anali wamtali kuposa onse, ndipo atalowa anthu anacheuka. Koma atangothamanga pang'ono ndinaona akupuma movutikira, manja ali m'chiuno. Akati adunde mpira, unkamuthawa chifukwa pasimenti umabwerera msanga. Akaponya, unkagunda chitsulo n'kubwerera. Tiatsikana tating'ono tinkamulanda mpira n'kumuzungulira iye ali chiimire. Ndinkafuna kukuwa kuti mukanamuona chaka chatha!

Mtsikana wa ku mpoto uja analipo, akuthandiza akochi. Ndinali nditamusungira chidani chaka chonse, koma ndi iyeyo amene anamubweretsera Tereza madzi, n'kumamusisita pamsana kuti alimbe mtima. Mwana wa ulemu wake, anabwera kudzandipatsa moni atagwada. Ngakhale woti ndidane naye ndinamusowa.

Pomaliza akochi ananditengera pambali. Anati malo chaka chino ndi ochepa, wamtali ali naye kale ndipo akadali ndi zaka zingapo pakoleji, amene akufuna tsopano ndi othamanga amene ali okonzeka lero. Anapepesa kwambiri. Ndinawathokoza, poti nanga ndikanatani? Pobwerera mu minibasi tinayamba kutsika mapiri, chigwa chathu chikuonekera kumunsi. Pamenepo Tereza anatsamira paphewa panga, chimwana chachitali chonchija, n'kunena kuti, "Amayi, mpira wandiiwala."

Inu owerenga, makamaka anzanga a kuno kuchigwa, sindikunena kuti titaye mwambo. Akuluakulu tiziwalemekeza. Koma mwana wanu akayamba kuonetsa luso, kaya ndi la mpira, kaya ndi la m'kalasi, musadikire kuti mlendo afike pakhomo ndiye muziyamba kufunafuna eni mwana. Pitani kwa iwo kukadali chilimwe, msewu ukadali wouma, mukawafunse kuti mwayi ukadzabwera tidzayankhe chiyani, ndipo adzayankhe ndani. Inu alamu ndi atsibweni, siyani mawu kwa amene akukhala ndi mwanayo. A makoleji amayendera tsiku lawo, sadziwa kuti kwathu yankho limayenda pa njinga. Ndipo inu amayi anzanga amasiye, ngati pafika poti musankhe pakati pa kukalipiridwa ndi banja ndi tsogolo la mwana, lolani akukalipireni. Kukalipa kumatha, ine ndikanakhala nditaiwala kale.

Ligi ya chaka chino yayamba. Tereza anatuluka m'gulu la pa foni lija, ndipo anandipempha kuti ndisamamuuze zotsatira. Pamene ndikufotokoza izi ali panjapa akuwamba mlamba. Powambira pathu ndi pafupi ndi pansi, tinapangira anthu a msinkhu wanga, ndiye iye amagwira ntchito atapindika tsiku lonse. Madzulo amandipempha kuti ndimuthowe msana, ndipo ndimamuthowa.