Mdima Umene Unatsala pa Diso la Mwana Wanga

Mwana wanga wamkazi atakwatiwa ku Mbinga, ndinatsala ndekha ku Mbamba Bay ndi malonda anga a usipa komanso TV imene malemu bambo ake anandisiyira. Ku Mbingako mwanayo analowa kwaya. Kuno kwaya ikajambulitsa nyimbo aliyense amatumiza kwawo, ndiye nayenso ananditumizira kafulashi kudzera kwa kondakitala wa basi.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinaitana mnzanga woyandikana naye nyumba, mayi wa ku Liuli, kuti adzaone mwana wanga akuimba. Ndinali nditadzitama kale kumsika konse. Kenako chithunzi chinatuluka. Nkhope ya mwana wanga inali bii, masaya okumbika, maso olowa ngati a munthu amene wakhalitsa pamphasa.

"Jamani, mama," anatero mnzangayo, "mwana wanuyu akudwala."

Ndinamukalipira kuti pakamwa pake pamathamanga. Atachoka ndinaimba foni.

"Ndili bwino, amayi, musadandaule," anatero mwana wanga, n'kudula. Ameneyu kale ankalongolola mpaka foni kutentha kukhutu.

Ndinachita mantha kwambiri. Ndinabwereza nyimboyo kambirimbiri nditagwada pafupi ndi galasi la TV, ndipo mpamene ndinaona kuti mtsikana woima pambali pake nayenso maso ake anali olowa. Woimbitsa chimodzimodzi. Kodi kwaya yonse ingadwale pamodzi? TV ija inali itayamba kale kuda pang'onopang'ono, ine osalabadira. M'mawa mwake ndinaikulunga m'chitenje, n'kuisenza kupita kwa fundi wina wokonza ma TV pafupi ndi doko.

Fundiyo anali bambo wosafulumira, ndipo tsiku limenelo kudekha kwake kunandinyansa. Anatsegula kumbuyo, n'kuloza kanthu kakuda kochepa ngati chikhadabo.

"Mama, pakati pa kuyera ndi kuda pali kuwala kwa mitundumitundu. Aka timakatcha gama, ndi kamene kamalinganiza zapakatizo. Kakawonongeka, chilichonse chosayera kwenikweni chimagwera mumdima. Khungu lathuli ndi limene limayamba kuzimirira."

"Ndiye kuti mwana wanga sakudwala?"

"Ine ndimadziwa za TV, mama. Dikirani tione."

Ndinakhala pabenchi, fungo la mtovu wosungunuka likundilowa m'mphuno. Ndinkapemphera chamumtima kuti vuto likhale la kanthu kakudako basi. Kunja anthu ankatsitsa katundu wa m'sitima, akuseka.

Atamaliza analowetsa kafulashi kaja. Malaya a kwaya, amene ndinkawayesa akuda, anali obiriwira. Nkhope zinabwerera imodziimodzi, zonona, zathanzi. Uyo mwana wanga pamzere wachiwiri, masaya ake odzaza monga ndinamulerera. Ndinayamba kuseka ngati wamisala, mpaka ndinamumenya fundiyo paphewa.

Kenako wojambula anayandikira mzere wachiwiriwo.

Mdima unali utachoka pa nkhope za onse, koma pa diso lamanzere la mwana wanga unatsala. Linali lotupa, lozunguliridwa ndi kuda kumene anayesa kukwirira ndi paudala wambiri. Mlomo wam'munsi unali wong'ambika. Ankaimba atapendeketsa mutu kuti mbali imeneyo isaoneke, ndipo sanamwetulire ngakhale kamodzi. Mwamuna wake anali pamzere wakumbuyo, akuimba mokweza, dzanja lili pachifuwa.

Fundi anawonjezera kuwala, n'kuchepetsanso, kenako anachotsa dzanja lake pa TV.

"Pole, mama," anandipepesa motsitsa mawu. "Ichi si cha TV."

Ndinaisiya pomwepo yosatseka kumbuyo. Ndinathamangira kusiteji ndi chitenje chokha m'manja, ndikufunsa aliyense ngati basi ya ku Mbinga yanyamuka kale.