Kagalimoto Kachikasu ka pa Kompyuta ya Malume

Tsiku limene kompyuta inalowa m'nyumba ya malume ku Cuamba, mvula inali itayamba m'mamawa. Inali mvula ya mu Januwale ija yopanda mabingu, yongowaza pa malata mpaka munthu kuiwala kuti ikugwa. M'ngalande ya m'mbali mwa njanji achule ankalira masanasana, ndipo kusiteshoni ankalumikiza mabogi, chitsulo kugunda chitsulo, kenako zii, kenako mluzu. M'nyumba munkanunkha zovala zosauma ndi utsi wa makala onyowa. Ine ndinali pakhonde ndikusenda chinangwa pamene ndinamva belu la njinga. Malume Fernando ankaikankha njingayo, osaikwera, ndipo pakaliyala panali chinthu chachikulu chokulungidwa m'kapulana, chitenje cha kumeneko, ndi pulasitiki.

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Nkhondo itafika kwathu ku Mitande tinathawira ku Malawi ine ndili kumsana, ndipo ndinakulira ku kampu ya othawa nkhondo. Bambo anamwalira komweko. Titabwerera pa lole, ine ndi mayi tinapeza pamene panali nyumba yathu pali udzu wofika m'khosi ndi mtengo umodzi wa mango. Sukulu ya pafupi inalibe denga, ndipo inkalekezera makalasi a m'munsi. Malume Fernando, mlongo wawo wa mayi, anali kalaliki kusiteshoni ya sitima ndipo sanathawe nawo. Mwa mwambo wathu, iwo ndiwo anali ndi mawu pa ine. Anabwera kudzanditenga, ndipo ali pa mphasa anauza mayi kuti, "Akalimbikira, ndi wanga mpaka atamaliza sukulu. Akachita ulesi, ndikubwezerani, adzalime." Mayi anawomba m'manja nathokoza.

Panali chinthu chimodzi chimene mayi, malume ngakhale ine mwini sitinkachidziwa bwino. Chidwalireni chikuku ku kampu, maso anga ankaona zinthu ngati zili kuseri kwa utsi. Anthu ndinkawazindikira pa kayendedwe ndi pa mawu. Mtengo kwa ine unali chibuluma chobiriwira, ndipo ndinkaganiza kuti masamba amaoneka pokhapokha ukawagwira. Sindinadandaulepo kwa munthu, chifukwa ndinkayesa kuti aliyense amaona chomwecho.

Kompyuta ija inali yakale. Pokonzanso njanji, ku ofesi kunabwera makina atsopano, ndipo abwana awo analola malume kutenga yotayidwayo. Anaiika patebulo la pabalaza, pafupi ndi zenera. Ikayatsidwa inkalira ngati njuchi zili m'mphako, ndipo kumbuyo kwake kunkatuluka kafungo ka fumbi lotentha. Malume anali ndi ana aamuna awiri, Zito wamkulu kwa ine ndi zaka ziwiri, ndi Nando wamng'ono pang'ono. Iwo ankayankhula Chipwitikizi ndi Chimakuwa, Chinyanja chawo chinali cha kumsika, ndipo ine ankanditcha Mmalawi. Sindikanakadandaula kwa aliyense. Anali asuweni anga, ndipo msuweni akakunyoza, akuluakulu amangoseka n'kunena kuti ndi chisuweni.

Zito ndiye anapeza kuti m'kompyutamo muli masewera. Anali a kagalimoto kachikasu kothamanga pamsewu wakuda, kakuoneka ngati ukukayang'ana uli pamwamba pa mtengo. Pamsewupo pankabwera miyala yoyera ndi magalimoto ofiira, ndipo ntchito ya wosewera inali kuzemba, kumanja kapena kumanzere, ndi mabatani awiri. Chithunzi chake chinali cha timabokosi tikulutikulu, moti ukanatha kutiwerenga ndi chala. Zito atangochiona anatsonya. Anati galimotoyo ikuoneka ngati anaimanga ndi njerwa.

Ine ndinaima kumbuyo kwawo pakamwa pali yasaa. Kwa nthawi yoyamba ndinaona chinthu chokhala ndi polekezera. Chikasu chinkathera apa, kuda n'kuyambira pomwepo, popanda utsi pakati. Mwala uliwonse unali waukulu ngati bokosi la machesi, woyera mbee, ukutsika kuchokera pamwamba pa galasi. Sindinauze munthu zimenezi. Ndinangodikira nthawi yanga.

Lamulo linali lakuti wogunda mwala achoke pampando. Nando ankagunda msanga chifukwa chophupuluma. Zito ankakhalitsako, koma ankakonda kucheuka kuti aone ngati tikumusirira. Ine ndikakhala pampando sindinkachokapo. Masabata onse a tchuthi aja, mvula ikatitsekera m'nyumba, ndinkayendetsa kagalimoto kaja mpaka zala kuchita dzanzi, asuweni anga akundikodola m'nthiti kuti ndigunde. Tsiku lina malume pobwera kudzadya masana anaima pakhomo n'kuonerera kwa kanthawi, kenako anandigwira paphewa. "Mwana wa mlongo wangayu ali ndi diso," anatero. Mawu amenewo ndinawasunga mumtima ngati mphatso.

Sukulu inatsegulira mu Febuluwale. Aphunzitsi anatikhazika potsata msinkhu, ndipo ine, pokhala wamtali komanso wochedwa kuyamba, ndinapezeka pabenchi yakumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khoma lomwe linali likadali ndi zibowo za zipolopolo. Bolodi linali lotuwa chifukwa chokalamba, choko nacho chinali chosawala. Ndinkamva chokocho chikulira pabolodi, ndinkaona mkono wa aphunzitsi ukuyenda, koma zolembazo sizinkafika kwa ine. Ndinkayesa kukopera kwa mnzanga wa pambali, iye n'kuphimba kope lake ndi chigongono. Akandifunsa funso m'Chipwitikizi ndinkaimirira n'kungoti duu, anzanga akuseka. Kope langa linadzaza ndi mizere yoyambidwa koma yosamalizidwa. Ndikaweruka ndinkathamangira kunyumba, chifukwa kumeneko kunali chinthu chimodzi chimene ndinkachitha.

Loweruka lina Zito anabwera kuchokera kwa mnzake, mwana wa mkulu wina wa ku ofesi, ali ndi kapepala m'thumba. Anati kompyuta yathu tinkaigwiritsa ntchito ngati anthu a kumudzi. Anatsegula malo ena a m'masewerawo, pamene panali manambala, nasintha ang'onoang'ono kuika akuluakulu monga mmene kapepalako kananenera. Galasi linathima, linaphethira kawiri, n'kuyakanso. Nando anakuwa ndi chimwemwe. Timabokosi tija tinali titasowa. Iwo ankati tsopano galimoto ikuoneka matayala ake ndi magalasi ake, msewu ukuoneka patali, ndipo m'mbali mwake muli mitengo. Ine ndinaona kadontho kachikasu konga njere ya chimanga, kakusambira mu utsi womwe uja wa masiku onse. Miyala sindinaione n'komwe.

Nthawi yanga itakwana ndinagunda ndisanapume kawiri. Ndinayesanso, n'kugundanso. Ulendo wachitatu ndinasendeza nkhope pafupi ndi galasi mpaka tsitsi la pachipumi kuchita nyesinyesi, koma mutu wanga unawatchinga, ndipo Nando anandikoka kolala. "Iwe Mmalawi, ukufuna kulowamo? Ukunyowetsa galasi ndi mpweya wako!"

"Achimwene Zito, tabwezerani mmene zinalili muja," ndinapempha.

"Za njerwa zija? Zinazolowerana ndi iwe chifukwa kwanu n'kwa zidina. Ichi ndiye chithunzi chenicheni, msuweni. Ukalephera apa ndiye kuti sunkadziwa kusewera."

Sabata yomweyo aphunzitsi anandipatsa kalata yoti ndikapereke kunyumba. Malume anaiwerenga ali pakhonde, akuvula nsapato za kuntchito. Sanali munthu wokalipa. Anaipinda bwinobwino n'kundiitana. Kalatayo inkati sindilemba, sindiyankha, ndipo ndimangoyang'ana kumwamba. Anandifunsa chifukwa chake. Masiku angapo apitawo sindikanakhala ndi yankho, koma kompyuta ija inali itandiphunzitsa kanthu. Ndinali nditadziwa tsopano kuti Zito ndi Nando ankaona zinthu zimene ine sindinkaziona. Ndinagwada n'kunena chapansipansi kuti, "Malume, ine sindiona bwino."

Zito, amene ankamvetsera ali pazenera, anaseka. "Akunama ameneyu, papa. Mwezi wonse amatiposa tonse, inu nomwe munamuona. Lero waluza ndiye wasanduka wakhungu?"

Malume anamuuza kuti akhale chete. Anandiyang'ana m'maso nthawi yaitali, akutsegula zikope zanga ndi chala chawo chachikulu, ndipo sanapeze bala kapena chotupa. Kenako anati nkhani yotere sitsutsana ndi pakamwa, kunjanji ili ndi muyeso wake. Munthu asanaloledwe kugwira ntchito pa sitima amamuyesa maso, ndipo iwo anaonapo mmene amayesera.

Mawa lake masana dzuwa linatuluka, nthaka ikufuka nthunzi. Malume anabwereka mbendera ziwiri kusiteshoni, yofiira ndi yobiriwira, zimene amaimitsira ndi kulolezera sitima. Anandiimika pakhonde, iwo napita kumapeto kwa bwalo, pafupi ndi mtengo wa papaya. Azakhali, akazi awo a malume, anatuluka m'khitchini atagwira chipande, ana a nyumba zoyandikana anakwera pampanda. Malume anabisa manja kumbuyo, kenako anakweza dzanja limodzi.

Nkhope yawo sindinkaiona, ngakhale dzanja lenilenilo. Koma m'mwamba mwa chibuluma chimene chinali malume munatuluka banga lofiira, ngati moto wa patali. Ndinadziwa nthawi yomweyo kuti ndikanena mtundu wolakwika andikhulupirira. Koma ku madarasa a kumzikiti anatiphunzitsa kuti Mulungu amamva ngakhale bodza limene munthu sanalitulutse, ndipo ine ndinkaopa zimenezo kuposa khasu. "Yofiira," ndinatero. Anakweza ina. "Yobiriwira." Anasinthasintha, nthawi zina kubwereza imodzimodzi kuti andikole, anabwerera m'mbuyo mpaka kutsamira mpanda. Sindinaphonye ngakhale kamodzi.

Anabwera akukulunga mbenderazo pa timitengo take. "Maso awa atha kuyendetsa sitima mpaka ku Nacala," anauza azakhali. Ana a pampanda anawomba m'manja, akuyesa kuti ndapambana. Ine ndinafuna kufotokoza kuti mtundu ndimauona koma chinthucho ayi, kuti chilembo si mbendera, koma mawu ake ndinalibe, m'Chinyanja ngakhale m'Chipwitikizi. Ndinangoti, "Malume, zazing'ono ndi zimene sindiona." Iwo anapukusa mutu mwachisoni. Anati ulesi akanaupirira, koma mwana wonamizira matenda sangamusunge, ndipo teremu ikatha ndibwerera kwa mayi.

Masabata otsalawo ndinapitabe kusukulu, kukakhala pabenchi yanga n'kumamvera choko. Kompyuta anandiletsa. Ndikamatsuka mbale kuseri ndinkamva kulira kwa kagalimoto kaja ndi kukangana kwa asuweni anga. M'mawa wa tsiku lonyamuka, onse atatuluka, ndinavundukula kapulana n'kuiyatsa. Ndinkafuna kubwezera timabokosi tija kamodzi kokha, kuti mwina malume akaona kusiyana kwake amvetse. Ndinapeza malo a manambala aja, koma zilembo zake nazonso zinali zitachepa pamodzi ndi china chilichonse. Ndinakanikiza mphuno pagalasi, misozi n'kuwonjezera utsi. Ndinaizimitsa, n'kuivundikira monga ndinaipezera.

Ndinakwera shapa, minibasi yopita ku Mandimba kufupi ndi kwathu, chimanga chitayamba kuuma m'minda. Mayi anamva uthenga wa malume kuchokera kwa munthu amene anandiperekeza. Sukulu yanga inathera pomwepo.

Ndinakula ndikulima chimanga ndi chinangwa, kenako ndinakwatira. Malemu mkazi wanga Mariamu ndiye anayamba kudabwa poona kuti posankha mbewu ndimaifikitsa pamphuno. Sanandifunse zambiri, anangondikokera kuchipatala. Kumeneko sanandionetse mitundu. Anandionetsa zilembo, zazikulu pamwamba, zazing'ono pansi, ndipo ine ndinalekezera pa mzere woyamba. Anandipatsa magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo. Utsi wonse sunachoke, koma potuluka ndinaona nkhope ya mkazi wanga ali patali ndi ine mikono itatu, ndili ndi ana awiri kale.

Masiku ano pamsika wa Mandimba pali tinyumba ta masewera a pa kompyuta, ndipo ndikamadutsa popita kumzikiti ndimamva anyamata akutsutsana. Ena amati chithunzi chikapanda kusalala masewera sakoma, ena amati bola aziyenda mosadukiza. Ine sindilowererapo. Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti Zito anasintha manambala aja dala kuti andichotse pampando, ndi kuti malume anandiyesa ndi mbendera pofuna chifukwa chondithamangitsira. Pano ndikuona kuti Zito ankangofuna chithunzi chokongola monga mwana aliyense wa maso abwino, ndipo malume anandiyesa ndi muyeso wokhawo umene ankaudziwa ndi kuukhulupirira. Anandilakwira akuyesetsa kuchita chilungamo.

Malume anamwalira asanandione ndi magalasi. Zito anabwera pa maliro a Mariamu, ali ndi imvi, ndipo titakhala pansi pa msasa anandiyang'ana nthawi yaitali. "Msuweni," anatero, "ndiye kuti unkanena zoona?" Ndinati inde. Anaweramitsa mutu. Iye, Nando ndi malume, onse ndinawakhululukira.