Tomato wa mufoni

Ndine mlimi wa fodya ku Nsaru. Alamu anga anandiikira gemu yolima mufoni. Umadzala, umathirira, umakolola, zonse ndi chala. Sabata yoyamba ndinkaseka. Kenako inasanduka ganyu. Foni ikalira kuti tomato akufota, ndinkathirira ndikung'ung'udza, koma kusiya kunkandikanika.

Inali nthawi ya nazale, dzuwa likuswa mtengo. Mbande za fodya zimafuna madzi m'mawa ndi madzulo. Masiku anayi ndinkanyamula keni yothirira kupita kudimba, n'kukakhala pamthunzi ndi foni. Kunyumba ndinkanama kuti ndathirira.

Tsiku lachisanu akazi anga anabwera kudzathyola mpiru. Anakweza udzu wophimbira bedi la fodya. Mbande zonse zinali zitapsa.

"Bambo a Limbani, madzi aja mumathira pati?"

Ndinawaonetsa foni. Anayang'anitsitsa tomato wanga wofiira bwino uja.

"Kodi zimakoma zimenezi?"

"Ayi. N'chintchito chotopetsa."

Anaika manja kumutu.

"Mayo ine! Bola mukanati mumapita kumowa. Nanga izi ndikawauza chiyani anthu?"