Mbuzi za Maliro a Che Amisi

Ukafika ku Amaramba n'kufunsa kwa Che Amisi, anthu sakulozera nyumba ayi, amakulozera mtengo wa mango. Pansi pake pali kachisakasa ka udzu ndi mapulasitiki ong'ambika, ndipo m'menemo ndimo mukugona mkulu amene anadyetsa tauni ya Insaca nsomba za makumba ndi milamba kuyambira ali ndi mano onse. Ine nkhani yawo imandipsetsa mtima, ndinene poyera. Mkulu ameneyu sanabe, sanaledzere, sanatukwane munthu. Mlandu wawo ndi woti anasunga.

Kwawo kwenikweni ndi ku Chiuta. Ku Amaramba anabwera chikamwini, atakwatira Abiti Swalehe. Nkhondo itafika povuta anathawira ku Malawi, iwo, mkazi wawo ndi mayi awo owabala. Kumsasa wa othawa nkhondo kuja mayi aja anatsekula m'mimba masiku awiri, n'kutsikira kulichete. Msilamu amapita m'manda atakulungidwa mu nsanda, nsalu yoyera yatsopano. Nanga bafuta ukamupeza kuti, munthu wodya nandolo wa pamzere? Anawakulunga m'bulangete lotuwa lomwe ankagawa, lalifupi, ndipo powatsitsira m'manda phazi limodzi linatulukira kunja. Anthu anayang'ana kumbali. Che Amisi sanayang'ane kumbali, ndipo phazi limenelo lawatsata moyo wawo wonse.

Mtendere utabwera anabwerera, n'kupeza njinga yakutha, n'kuyamba kupalasa. Dengu la nsomba kumbuyo, mchenga mpaka m'mawondo, dzuwa likuswa mtengo. Phindu loyamba lenileni sanagule wailesi ngati anzawo. Anagula bafuta wokwanira nsanda, anamupinda bwinobwino, anaikamo masamba a fodya kuopa njenjete, n'kumutsekera m'chidebe cha chivindikiro. Kenako anagula kambuzi kakakazi. Anapita nako kwa shehe Khalidi n'kunena pamaso pa anthu kuti mbuzi iyi ndi ana ake onse si zodya, si zogulitsa, ndi za sadaka ya maliro awo, kuti obwera kudzapemphera pa tsiku la makumi anayi iwo chimwalirireni asadzabwerere ndi njala.

Anthu ankawaseka, makamaka Rahimu, mnansi wawo wa pakamwa posatseka. “Che Amisi, mbuzi zikunenepa, eni ake mukuonekera nthiti! Iphani imodzi tinyambite, mukafa simudzamva fungo lake.”

Iwo ankangoyankha kuti, “Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.”

Ndipo ankadziwa chimene ankanena. Mwana wawo wamkazi anafa pobereka. Wamwamuna, Latifu, anapita ku Joni n'kutseka foni, mpaka lero zii. Abiti Swalehe atamwalira, Che Amisi anatsala mkamwini wopanda mkazi pamudzi wa eni. Abale a malemu sanawathamangitse, zimenezo tisawanamizire, koma munthu wotero akafa amaikidwa mwachangu, ndi chilichonse chomwe chapezeka. Mawondo atakana njinga, mkuluyo ankadya chinangwa ndi chigwada, uku mbuzi zikuswana kuseri kwa nyumba.

Ndiye chaka china kunabwera namondwe woopsa, nyanja n'kukwera kulowa m'midzi. Nyumba ya Che Amisi inasungunuka ngati mchere. Anatuluka chidebe cha nsanda chili pamutu, zingwe za mbuzi zili m'manja, n'kukakwera pachulu. Bulangete, mphasa, mapoto, zonse zinapita ndi madzi.

Madzi ataphwa, sekeletale wa mudzi analengeza kuti kukubwera anthu ochokera ku boma, pamodzi ndi bungwe lina, kudzamangira okalamba nyumba za njerwa zofolera malata. Wolandira nyumba akhululukidwanso msonkho, ndipo azilandira kangachepe pamwezi. Koma thandizolo linali la okhawo opanda kanthu: opanda ziweto, opanda ndalama yosunga.

Ha! Mukanaona mmene mudzi unasaukira sabata imeneyo. Mbuzi zinakwera mabwato kupita kutsidya kwa azibale. Abakha anabisidwa m'mabango. Wina anakwirira njinga yake m'munda wa chinangwa. Rahimu anabwera ndi mtima wabwino ndithu. “Bweretsani zanuzo ndikazisiye kwa apongozi anga. Akapita alendowa zibwerera.”

Che Amisi anapukusa mutu. “Ndinazitchula pamaso pa Mulungu. Lero ndizibise ngati zakuba?”

Amene anafika pachisakasa pawo kudzalemba oyenera thandizo anali mtsikana wa ku Insaca dzina lake Rita, wodekha, wodziwa kugwada popereka moni. Anaona chisakasa, anaona mawondo otupa, anaona kuti mkuluyo akugona pa matumba. Kenako anamva “mee” kuseri kwa mango, nkhope yake n'kugwa.

“Ababa,” anatero motsitsa mawu, “mbuzi izi ndi za anansi, eti? Mukungowasungira?”

Abale inu, khomo linali lotsegula! Kungogwedeza mutu basi, nyumba ikanakhala yawo.

“Ndi zanga, mama. Ndaziweta ndekha. Koma si zanga zodya, ndi za maliro anga.”

“Ababa, ndimvetseni. Lamulo silidziwa za maliro. Likuti mwini ziweto akhoza kugulitsa n'kudzithandiza. Ndikufunsaninso: ndi za yani?”

Che Amisi anamva, sikuti anali ogontha. Koma kukana mbuzi zija kunali ngati kutulutsanso phazi la mayi awo kunja kwa bulangete. “Ndi zanga,” anatero. Anapita mpaka kotsegula chidebe, kumuonetsa mwana wa eni nsanda ija, kuti aone kuti sakunama. Rita anaiyang'ana nsalu ija, anapukuta m'maso ndi chitenje chake cha kapulana, n'kulemba zomwe anauzidwa.

Nyumba zinamangidwa chilimwe chomwecho. Rahimu analandira, mbuzi zake n'kubwerera pa bwato kudzagona pakhonde la simenti. Analandiranso mkulu wina amene anamwera maukonde ake onse ku kachasu. Sindikuti asalandire, nayenso ndi munthu ndipo mvula imamunyowetsa. Koma wosunga uja anatsala pansi pa mango, ndipo wotolera msonkho sanaiwale njira ya kwawo.

Dzinja lotsatira linawazunza kwabasi. Chisakasa chinkadontha paliponse, chifuwa chinawagwira, ndipo ankakhala tsonga atakumbatira chidebe chija kuti madzi asalowemo. Mvula itatha kunamveka kuti kukhala ulendo wachiwiri wa nyumba, ndipo amene anatsala akhoza kukadandaula ku Insaca. Apa m'pamene mtima wa Che Amisi unathyoka. Anapita kwa shehe Khalidi n'kufunsa ngati mbuzi zolonjezedwa zingaphedwe mwini wake ali moyo.

Shehe anayankha kuti, “Kugulitsa ayi. Koma sadaka ndi sadaka. Chitirani mayi anu ndi Abiti Swalehe, Mulungu alandira.”

Anazipha zonse tsiku limodzi. Mudzi wonse unabwera, a m'nyumba za malata anakhala kutsogolo, mafuta akuyenderera m'zigongono. Che Amisi sanalawe n'chiwindi chomwe. Anakhala potero akuonerera anthu akudya maliro awo, iwo ali maso. Rahimu, wa pakamwa uja, tsiku limenelo nthabwala zinamuthera.

M'mawa mwake anakwera shapa, minibasi ya ku Insaca, khola lili mbee. Anadikira pabenchi mpaka dzuwa kupendeka. Rita anali atasamutsidwa. Anawalandira bambo wina wa magalasi, wosakalipa, woyankhula mofatsa ngati akuwerengera mwana.

“Papepala pano pakuoneka kuti muli ndi mbuzi, madala.”

“Ndinali nazo, bwana. Zinatha. Funsani mudzi wonse, anadya.”

“Zinafa ndi matenda? Zinabedwa?”

“Ayi, ndinachita sadaka.”

“Mutamva za ulendo wachiwiriwu?”

Che Amisi, munthu wosadziwa kunama uja, anavomera.

Bambo uja anavula magalasi. “Pepani madala. Munthu akataya chuma chake dala kuti alandire thandizo, timamuwerengera ngati akadali nacho. Kwa ife kuno mbuzi zanu zili moyo.”

Mwamva zimenezo? Mbuzi zoti zikopa zake zayanikidwa kale padzuwa, mafupa agalu anakukuta, ku boma zikudyabe msipu! Che Amisi sanatsutse. Anathokoza, poti anaphunzitsidwa kuthokoza, n'kutuluka akukoka miyendo. Nyumba palibe, mbuzi palibe, wodzaphika mpunga pa tsiku lawo la makumi anayi palibe. Chinatsala ndi chidebe chija chokha.

Mwezi wa Juni unafika ndi mwera wake wochokera kunyanja, wolowa mpaka m'mafupa. Matumba omwe ankafunda anali atatha ndi chiswe. M'mawa wina Nafisa, mdzukulu wa mchemwali wa Abiti Swalehe, amene amawapatsirako phala akakhala nalo, anasuzumira m'chisakasa muja. Anaona thupi litagona chammbali, lokulungidwa mu nsalu yoyera kuyambira kumutu. Mbale inagwa. Anagwira kumutu n'kuyamba kukuwa, “Mayo ine! Ambuje, agogo athu, atisiya!”

Nsalu ija inagwedezeka. Che Amisi anatulutsa nkhope, milomo ili gwagwagwa.

“Usalire, mama, sindinafe. Ndazizidwa chabe.”

Nafisa anagwada, misozi ili chuchuchu. Nsanda ija, yomwe inapulumuka njenjete ndi madzi osefukira, inali itada ndi mwaye, mbali ina itapsa ndi moto umene anasonkha pafupi. Pokhala anaipinda pawiri kuti ifunde, siinawakwanire. Kumunsi kunatulukira phazi, lotuwa, long'aluka zidendene.

Che Amisi anatsata maso a mtsikanayo, naonso analiona. Anayesa kulikokera m'kati, koma bondo linakana kupindika.

“Tandifunditsa phazilo, mama,” anatero. “Anthu angaone.”