Mapazi pa Thanthwe la ku Malham

Chaka chomwe mwana wanga wamkazi anapeza malo ku yunivesite ya ku Liverpool, ndinamuuza kuti ine ndikubwerera kumudzi. Unamwino wa ku Bradford unali utandikwana, mawondo akulira ngati chitseko chakale. Iye sanatsutse. Anangotseka pakamwa milungu itatu, ndipo mtima unkandipweteka, ngakhale ndinkanamizira kusalabada. Mwanayu makani anatengera ine, ndiye ndikanadandaulira ndani?

Loweruka lina ndinamukakamiza kuti tikapitidwe mphepo ku Malham. Tinakwera sitima, kenako basi, osalankhulana. Anzanga a kuntchito ankachitama chigwa cha kumeneko, koma sanandiuze za masitepe okwerera pamwamba pa thanthwe. Ndinafika pamwamba ndili wefuwefu, ndikutukwana chamumtima yense amene anayambitsa zokwera mapiri popanda nkhuni zokatola.

Pamwambapo ndinaiwala kutopa. Kumbuyo kunali chigwa chouma, chopanda mtsinje ngakhale mtengo, miyala yotuwa yokhayokha, monga ndinkaganizira chipululu cha Aisraeli ndili ku Sande sukulu. Tinaima pa thanthwe lalikulu long'ambikang'ambika, lodzaza timaenje. Ndinapenyetsetsa kadzenje kamodzi, ndipo ndinaona kuti kali ngati phazi la munthu, chidendene ndi zala.

Apo ndinakumbukira Kaphirintiwa. Malemu bambo anga ankati anthu oyamba anatsikira paphiri limenelo ndi mvula, mwamuna ndi mkazi, atanyamula khasu ndi mtondo, nyama zili pambuyo. Thanthwe linali likadali lofewa, ndipo mapazi awo anatsalira pomwepo. Ndinamufotokozera mwana wanga zonsezi, ndikumulozera apa pa njovu, apo pa gwape.

Anandiyankha m'Chingerezi, monga mwa masiku onse, kuti ndi madzi a mvula amene amadya mwala wamtunduwu, anaphunzira kusukulu.

"Ndiye ukuposa agogo ako?" ndinamukalipira.

"Inuyo munawaonapo mapaziwo?"

Ndinakulira kufupi ndi Dzalanyama, koma ku Kaphirintiwa sindinapondeko. Bambo ankangoti tidzapita mvula ikatha, mpaka anamwalira ine ndili kuno, ndikusintha mabedi a makolo a eni. Ndinamuuza zoona, ndipo manyazi anandigwira.

Sanandiseke. Anakhala pansi n'kuvula nsapato ndi sokosi, kuzizira konse kuja, n'kuponda m'kadzenje kaja. Phazi lake ndi lalitali ngati la bambo ake, zala zinatsalira panja. Anandikodola kuti ndiyese. Ndinayang'ana uku ndi uku, poti panali azungu okalamba awiri akudya masangweji chapafupi, ndipo mayi wamkulu ngati ine kuvula nsapato pagulu si zoona. Ndinavulabe.

Phazi linalowa ndendende. Mwalawo unali wozizira mpaka m'mafupa, koma sindinalichotse.

Mwana wanga analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako analankhula m'Chichewa chake chotsimphina, chimene ndinali nditaleka kuchiyembekezera.

"Mwaona, amayi. Inunso munatsikira kuno, mwala uli wofewa. Mukapita, ine Loweruka ndizibwera kwa ndani?"

Ndikudziwa kuti ndi mvula inakumba kadzenje kaja, sindine mbuli. Koma kalata yosiyira ntchito imene ndinali nditalemba kale ikadali m'kabati, pansi pa mapasipoti. Mawondo akulirabe, ndipo Loweruka lililonse ndimakadikira sitima ya ku Liverpool.