Anapita Kumanda Kukachingamira Akufa

Munali mu 1999, ndili ndi zaka 61. Ine sindipeka nkhani. Wokayika apite kumapiri a ku Matandani, ziliza zoswekazo zikadalipo.

Matipate atabwera, aliyense wokhala ndi Baibulo ndi mawu aakulu ankayambitsa tchalitchi chake. Kwathu kunafika mlaliki wina amene ankati lipenga lilira chaka chisanathe ndipo akufa adzuka, choncho kulima n'kutaya nthawi, kumwa mankhwala n'kunyoza Mulungu. Ndinamuuza pamaso kuti ndinabatizidwa iye asanabadwe. Koma mwana wanga wamkazi, amene mwamuna wake anali atangomwalira kumene, anamukhulupirira, nanga munthu wolira ukamuuza kuti wako akubwera mawa, angakane?

Tsiku lina mu Disembala, pochokera kumunda, ndinapeza nyumba ya mwana wangayo ili pululu, mdzukulu wanga wodwala malungo kulibe. Anansi anati apita kumanda kukachingamira akufa. Kumanda, popanda maliro!

Nditafika kumandako ndinapeza anthu ovala zoyera, makasu m'manja, akuimba, ataswa ziliza ndi kufukula dothi, eti kuti akufawo asavutike potuluka. Za fungo sindinena. Manda a malemu akazi anga anali yasa, bokosi litaphwasuka, nsalu imene tinawafunditsa ikuonekera. Mwana wanga anali atagwada pamanda a mwamuna wake akumuitana dzina, mdzukulu wanga atamugoneka pamulu wa dothi, thupi lili moto, maso atatembenuka. Nditamunyamula, mayi wake anandigwira mwendo n'kumandichonderera kuti ndisamuchotse, bambo wake akadzuka amupeze pafupi. Ndinamukankha. Mlalikiyo anakuwa kuti ndine mbuzi ya kumanzere, ndikapsa. Ndinamuyankha kuti tikaonana komweko.

Ndinabereka mdzukulu wangayo kuthamangira kuchipatala, koma titangowoloka mtsinje timanja take tinamasuka pakhosi panga. Ndinapitirirabe. Adokotala anangomufunditsa nsalu.

Chiweruzo ndimachikhulupirira, ndipo kuuka kwa akufa ndikukudikira kuposa inu nonse, pakuti ndili ndi anga pansi. Koma Mulungu amene anaumba munthu ndi dothi safuna khasu lanu kuti amutulutsemo. Wina akadzabwera n'kukuuzani tsiku lake, musamupatse ngakhale mpando.

Chaka chitalowa mlalikiyo anathawa. Ife tinakwiriranso manda asanu ndi awiri, minda inagonera osadzalidwa, mdzukulu mmodzi tinaika, ndipo mwana wanga alipo, koma kuyambira tsiku limenelo sananditchulepo bambo.